Makatani a Nyumba ya ku Hastings

"Ndiwe wakuba, Eston. Wandibera zaka ziwiri dzuwa likuswa mtengo."

Eston anali atangotsika basi yochokera ku eyapoti, chikwama kumsana, maluwa m'manja. Anthu a mu Parnell Street anacheuka. Mwaiwathu analibe nazo ntchito. Anali akadali mu yunifolomu ya kunyumba yosamalirako okalamba ku Clondalkin, maso ali psuu.

"Bebi, watani? Tsitsa mawu, azungu akutiyang'ana."

"Ayang'ane. Ine sindinawabere kanthu."

Awiriwa anadziwana akukolopa pa eyapoti ya Dublin. Chuma chitagwa mu 2009, kampani inadula anthu, iwonso anapitira momwemo. Mwaiwathu anapeza ntchito ya okalamba. Eston anawolokera ku Hastings, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku England, komwe ankati kuli mlongo wake Lois, nesi.

Mwaiwathu analibe viza ya ku England. Hastings ankamudziwira m'mameseji.

"Wapamtima, kuno kugombe kulibe mchenga, ndi miyala yokhayokha. Ndakutolera umodzi wosalala ngati tsaya lako."

"Lero mbalame ya kunyanja yandilanda tchipisi m'manja. Ukadzabwera uzidzandilondera, wamva?"

Kenako inabwera pikicha. Kanyumba koyera, chitseko chobiriwira, mawindo anayi oyang'ana kunyanja, ndipo pageti chikwangwani cha FOR SALE.

"Iyi ndi yathu, mayi wa ana anga. Ndikulumbira, Khrisimasi ikubwerayi tidzadyera m'menemu."

Ndani sakanakhulupirira? Mwaiwathu anaimbira malume ake ku Zomba. Malume anakumana ndi amalume ake a Eston, tsiku la chinkhoswe analiika mu April. Mwaiwathu anagula nsalu yachikasu ku Moore Street n'kubwereka mashini osokera kwa Clotilda, mnzake wa ku Zambia. Ankafuna kuti akadzalowa m'nyumbamo, makatani adzakhale osokedwa ndi manja ake.

Koma katani sasoka mongoganizira. Pamafunika miyeso. Posafuna kuti Eston adziwe msanga, Lachinayi pa buleki anakuza pikicha ija, nawerenga nambala ya pachikwangwani, n'kuimba.

"Ndinaimbira ajenti ogulitsa nyumba ija, Eston," anatero Mwaiwathu tsopano. "Ndimangofuna miyeso ya mawindo."

Maluwa aja anatsika pang'onopang'ono mpaka kuloza pansi.

"Mayi amene anayankhayo, waulemu bwanji. Akuti, 'Miyesoyo ndifunsa eni nyumba, Mr and Mrs Masauko. Eston ndi Lois, banja labwino kwambiri. Akhala nayo six years. Akufuna igulidwe msanga, mu March akusamukira ku Australia.' Ine mpaka ndinathokoza. Wamva? Ndinanena kuti thank you."

"Mwayi, tamvera. Ajenti amasokoneza mapepala..."

"Asokoneze mlongo n'kukhala mkazi? Kwanu ku Ntcheu mumatero?"

Eston anayang'ana uku ndi uku ngati wina abwera kudzamuyankhira. Basi ina inaima, inatsitsa anthu, inapita.

"Ine ndi Lois zinatha kale. Timangokhala ngati anthu a lendi. Amene ndimamukonda ndi iweyo, Mulungu akudziwa."

"Mulungu umusiye, ali ndi ntchito zambiri. Sunali wogula, Eston. Unali wogulitsa. Unaima pageti la mkazi wako, n'kujambula nyumba ya mkazi wako, n'kunditumizira ine. Windo lakumwamba lija unkati ndi chipinda chathu, ndi momwe mumagona?"



Apa m'pamene misozi inamugonjetsa Mwaiwathu. Anakumbukira mashifiti a Lamlungu, akusambitsa agogo a eni ake, kumwetulira yekha poganiza za chitseko chobiriwira. Anakumbukira akuonetsa pikicha ija kwa amayi a kutchalitchi, iwo n'kumululutira pakati pa Dublin. Kodi kukhulupirira munthu ndi mlandu? Nanga n'chifukwa chiyani manyazi agwere iye, wonamayo ali chilili ndi maluwa?

"Ndiye wabwereranji?" anafunsa akupukuta m'maso ndi mkono wa juzi. "Kudzatsanzika mwakachetechete? Udye, ugone, Monday ukwere ndege, March ikakwana nambala yako isiye kugwira?"

"Ndimafuna ndikuuze bwinobwino, dale."

"Dale ndi Lois."

Anatulutsa foni m'thumba, nasakasaka dzina, n'kudina. Inayamba kuitana kutali, ku Zomba. Anaikweza mawu, naigwira pafupi ndi pakamwa pa Eston.

"Malume aitana kale mudzi wonse. Mayi anga asoketsa kale zovala. Ine sindikawauza, si ine ndinanama."

"Mwayi, chonde, dula kaye."

"Halo? Mwaiwathu, mwana wanga?" anamveka mawu a malume, achimwemwe. "Akamwini afika bwino?"

Mwaiwathu anamuyang'ana Eston m'maso osaphethira.

"Afika, malume, ndili nawo pompano. Eston, akufunsa iwe. Uwauze kuti Lois ndi ndani. Yankha."