Kugogoda kwa M'thanki ya ku Wovwe

Lachinayi madzulo anzanga ataweruka, kapitawo anati nditsale ndimalize kuyamwa mchenga. Tinkachotsa dzimbiri m'thanki yaikulu yamadzi cha ku Wovwe. Ntchito yake imayenda chonchi: mnzako amalowa m'kati n'kumapopera mchenga wakuda pazitsulo, ine Hudson ndili panja ndi makina oyamwa, chipaipi chake chikumeza mchenga wotha ntchito pamodzi ndi fumbi. Fumbi likachuluka, wam'katiyo amagogoda katatu ndi sipanala, ine n'kuyatsa. Lamulo ndi lomwelo basi.

Cha m'ma naini ndinamaliza, n'kuzimitsa. Kunangoti zii. Ndikuvula magolovesi, ndinamva: go, go, go!

Ndinati aaa, chitsulo chikungozizira ichi. Ndinaunika ndi tochi pakhomo la thanki. Mulibe munthu. Pansi poyera, popanda ngakhale phazi.

Go, go, go! Kenako wina anatsokomola m'katimo.

Abale, chifuwa chimenecho ndinkachidziwa. Chinali cha mnzanga Lyson.

Pano ndinene zoona, ngakhale manyazi akundigwira. Chaka chatha Lyson ali m'thanki ina, ine ndinasiya makina n'kupita kumsewu kukamvera mpira pawailesi ya wogulitsa tchipisi. Ndinati mphindi khumi zokha. Ndinakhala mpaka mpira kutha. Pobwera ndinamupeza akutuluka chokwawa, chophimba kumaso chitatsekeka, akulavula zakuda. Anadwala miyezi isanu, tinakamuika ku Mwenilondo. Aliyense ndinamuuza kuti makina anafa. Pamaliro ndinanyamula nawo bokosi, ine wopanda manyazi ine.

Ndinayatsa makina. Kugogoda kunasiya. Patapita ola ndinazimitsa. Go, go, go! Ndinayatsanso. Usiku wonse chipaipi chinkayamwa m'thanki yopanda kanthu, ine nditangoima, thukuta kamukamu.

Cha m'ma folo dizilo anatha.

Sanagogodenso katatu. Anagogoda osalekeza, mofookerafookera, mpaka ndinkachita kutchera khutu kuti ndimve. Ndiye ndinalowa.

Mlonda anandipeza m'bandakucha nditagwada m'thanki, ndikupepesa kukhoma. Pofika masana nkhani inali itawanda kuti Hudson wapenga, ena amvekere thankiyo ili pamanda akale. Ndinangowasiya.

Ndinakwera minibasi ya ku Mwenilondo osasamba. Dora, mkazi wa malemuyo, ndinamupeza akuyanika mpunga pamkeka.

"Alamu," ndinatero, "makina aja sanafe. Ine ndinali ku mpira."

Sanadzutse mutu. Anapitiriza kusalaza mpunga ndi chikhatho.

"Ndikudziwa, alamu. Anandiuza ali m'chipatala."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Anandiletsa. Anati akakuchotsani ntchito, ana anu adya chiyani?"

Dora anaimirira, n'kukunkumula chitenje.

"Anati mubwera nokha kudzapepesa. Sabata yomaliza, aliyense akatsegula chitseko cha wodi, ankadzutsa mutu."