Tizipatso Tofiira M'kapu ya Gilford

Dailesi anationa koyamba Lachitatu m'mawa, m'nyengo yozizira ya chaka cha 1996, pamene amafuna kutaya madzi ogona m'kapu ya mwamuna wake. Kapuyo inkakhala pawindo, kumutu kwa bedi, kuti Gilford chifuwa chikamudzutsa usiku azingotambasula dzanja. Madzi amene anathiramo madzulo anali oyera. Tsopano anali achikasu ngati tiyi woperewera masamba, ndipo pansi pake panali tinthu tisanu tofiira, totupa, tofanana ndi nkhupakupa zokhuta magazi.

"Bambo a Kettie, timeneti n'tiyani?"

Gilford anatembenukira kukhoma.

Munthuyu anali dalaivala wa minibasi ya ku Nsungwi mu Lilongwe, wamawu aakulu, wodya mofulumira. Koma chiyambire Febuluwale anali kutha pang'onopang'ono. Usiku thupi linkatentha, m'kamwa munali zilonda, chakudya chilichonse ankati chikumveka ngati utuchi. Kuchipatala Dailesi anapita naye kawiri. Malungo sanapezeke. Namwino anangomupatsa Dailesi mapiritsi n'kunena kuti, "Muzikawadyetsa zopatsa thanzi," maso ali pa pepala, osamuyang'ana.

Dailesi anakataya tinthuto kuseri kwa chimbudzi, osauza munthu. Usiku umenewo anagona pamphasa, Kettie wake wa zaka zinayi ali m'khwapa, makutu ali tcheru. Nyumba yawo inali chipinda chimodzi pa mdadada wa zipinda zisanu za lendi. Galasi limodzi la windo linasweka kalekale, anatsekapo ndi katoni. Anamva mphepo ikusewera ndi lata lomasuka padenga, mpopi wa panja ukudontha m'ndowa yoiwalika, agalu a kumsika akupatsirana mfuwu mpaka kutali kudambo. Kenako zonse zinangoti zii, ngati wina wazivundikira ndi bulangeti, ndipo m'chete mmenemo katoni ya pawindo inakwekwesa pang'ono. Sanadzuke. Anadziuza kuti ndi khoswe.

Kutacha, m'kapu munali tisanu ndi tiwiri.

Anatikulunga m'pepala n'kupita nato kwa Leston, mkulu wake wa Gilford, amene ankagulitsa kaunjika pamsika. Leston sanatikhudze. Anatitembenuza ndi kamtengo, n'kubwerera m'mbuyo.

"Mlamu, mukufunsanso? Awa ndi magazi a m'bale wanga. Akumupopa usiku, zotsala n'kumakusiyirani m'kapu kuti akusekeni."

"Ndani angatero, alamu? Ife sitinayambane ndi munthu."

"Mfiti imadikira kuti muyambane nayo? Tayang'anani khomo lakumapeto."

Khomo lakumapeto linali la Tusekele, mayi wa ku Karonga, amene mwamuna wake Phillip anamwalira mu Marichi ataonda chimodzimodzi. Azimayi a pampopi ankati anachita kumudula, kuti anayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za wodwala. Kuyambira pamenepo panalibe wolandira chakudya m'manja mwake. Pamaliro ena a pafupi anamuchotsa pamoto, anamuuza kuti azingotunga madzi. Ankagwira ntchito m'nyumba ya anthu a ku Taiwan ku Area 10, ndipo pampopi pomwepo zinkamveka kuti kumeneko amaphika njoka ndi achule, ndi kuti Tusekele amabwera usiku ndi timabotolo m'chikwama.

Dailesi ankamudziwa mwa mtundu wina. Mu Epulo, Tusekele anatumiza mbale ya mpunga yovundikira bwino, ya wodwala, koma Leston anaibweza asanaitsegule. Ndipo m'mawa uliwonse, posesa pakhomo pake, tsache lake linkafika mpaka pakhomo pa Dailesi. Dailesi atanena zimenezi, Leston anaseka.

"Kusesako ndiye kutola dothi la mapazi anu. Mumayesa chikondi?"

Madzulo a Lachinayi Dailesi anachotsa kapu pawindo. Anaithira madzi, n'kuikankhira pansi pa bedi, kuseri kwa sutukesi. Anapemphera atagwada, nasiya koloboyi akuyaka mpaka parafini anatha. Sanadziwe nthawi imene tulo tinamuba. Anadzidzimuka kunja kukuyera, makondakitala ayamba kukuwa kusiteji.

Kapu inali pawindo. Madzi anali atamwedwa theka, pansi pali tofiira titatu, ndipo pamlomo pa Gilford panali kanjere kachikasu. Gilford amene sankatha kukhala tsonga popanda womugwira.

Tsiku limenelo anapempha phala. Anadya masipuni anayi, koyamba m'masiku asanu ndi limodzi. Dailesi sanadziwe ngati asangalale kapena alire.

"Nkhuku imapatsidwa chimanga chambiri tsiku loti iphedwe," anatero Leston atamva. "Mawa Loweruka ndikubwera ndi anzanga a kumsika. Timutulutsira katundu panja, titsegule timabotolo take anthu onse akuona. Akakana, aona zina."

Dailesi ankawadziwa anzakewo, ndipo ankadziwa kuti gulu likayamba kugenda silifunsanso funso. Komanso ngati zinali zoona, usiku umodzi wokha unali wokwanira kumutha Gilford. Anatsimikiza kuti aone yekha.

Usiku wa Lachisanu anabwezera kapu pansi pa bedi. Anagoneka Kettie kukhoma, iye n'kukhala pansi pa windo, msana atatsamira njerwa zozizira, chitenje chili kumutu. Analuma chala kuti asagone. Mdima unali wandiweyani moti ankangomva kumene kuli bedi ndi kapumidwe ka wodwala, kolira ngati mpweya wothawa m'tayala. Wailesi ya pachipinda chachiwiri inazima. Woledzera wina anadutsa akuimba nyimbo ya kwaya, mawu ake n'kumachepa. Kutali kudambo fisi analira kamodzi, agalu onse n'kukhala chete.

Ndiye bedi linalira. Dailesi anamva dzanja likupapasa pansi, sutukesi ikukhulika, mpweya wa Gilford ukuthamanga ngati wa munthu wokwera phiri. Patapita nthawi yaitali, kapu inagunda pawindo. Kenako chikhadabo chinagogoda galasi katatu, kuchokera mkati.

Panja panamveka mapazi opanda nsapato. Katoni inapindika, mphepo yozizira inalowa limodzi ndi fungo la sopo wochapira, ndipo kudzera pabowopo munalowa dzanja lofumbata.

Dailesi analigwira ndi manja onse awiri.

Dzanjalo silinalimbane naye. Linangotseguka, tinthu touma n'kugwera pamiyendo pake.

"Amayi a Kettie, musakuwe," anatero mawu a panja, monong'ona. "Ndine Tusekele."

"Ndikudziwa. Mukumupatsa chiyani mwamuna wanga?"

"Zipatso. Tizipatso touma ta kwawo kwa mabwana anga. Amati goji."

"Zipatso zobwera usiku ngati mbava?"

"Masana mukanalandira? Mpunga wanga unabwerera wosatsegula."

"Dailesi, musiye." Anali Gilford, mawu ake ngati pepala lokwinyika. "Ndinamuitana ndine. Lolemba, uli kumsika, amadutsa pawindo. Ndinamufunsa chimene Phillip ankadya kumapeto."

Dailesi sanasiye dzanjalo. "Mwazitenga kuti?"

"M'nyumba muja muli agogo, mayi awo a bwana. Zaka makumi asanu ndi atatu, koma amalowetsa ulusi m'singano popanda magalasi. Amathira timeneti m'tiyi, m'msuzi wa nkhuku, m'phala la mpunga. Atamva kuti Phillip sakudya anandipatsa botolo. Chichewa sadziwa, ine chawo sindidziwa. Anangoloza m'maso, analoza pamtsempha wa dzanja, n'kukunga mkono chonchi. Bwana ndi amene anandiuza kuti muli mavitamini onga a m'karoti ndi papaya, ndi zina zothandiza magazi. Tikanyowa timafewa, sitipweteka zilonda za m'kamwa, ndipo kutsekemera kwake kumautsa njala."

"Ngati n'zoona, idyani."

"Mwandigwira dzanja. Mundiponyere."

Dailesi anapapasa pachitenje pake, natola kamodzi n'kukapereka pabowo. Anamva munthu akutafuna mumdima. Anatolanso kena, anakanunkhiza, n'kukaika palilime. Kanali kotsekemera pang'ono, kowawasa patali, ngati masau ouma, ndi tinjere tofewa mkati. Manyazi anamutentha m'makutu pokumbukira tisanu tija anataya kuseri kwa chimbudzi.

"A Leston akubwera mawa ndi anthu," ananong'ona.

"Ndamva. Pampopi salankhula motsitsa."

"Mubwere m'mawa, iwo asanafike. Mudzere pakhomo, botolo lili m'manja. Adzatipeza tikudya tonse, ine ndi inu ndi Kettie. Mchere wa m'phala mudzathira ndinu."

 Dailesi anamva mphuno ikukokedwa panja, ndipo anadziwa kuti mayiyo akulira.

Gilford anali atagonanso, kukweza kapu kuja kutamutopetsa. Dailesi anayandikitsa pakamwa pabowo.

"A Tusekele, ndiuzeni zoona. Timeneti timachiritsa?"

"Bwana ananenetsa kuti ndi chakudya, si mankhwala."

"Sindikufunsa bwana."



"Phillip sanachire. Koma ankadya, mpaka sabata lomaliza. Palibe amene anamudula, amayi a Kettie. Adokotala anandiitanira m'kachipinda n'kundiuza dzina la matendawo. Inu sanakuitanireni?"

"Ayi."

"Mukafunse, akakuyezeni magazi. Mupite ndi mwana yemwe."

Pamenepo ndi pamene Dailesi anazindikira chimene anagwira nthawi yonseyi. Chala chake chachikulu ndi cha mkombaphala zinali zitazungulira mkono wa Tusekele n'kupitirirana. Munalibe mnofu, fupa lokhalokha, lotentha ngakhale kunja kunali chisanu.

"Nanga inu, mwadzisiyira tingati m'botolomo?"

"Gonani, mayi. Kwatsala pang'ono kucha."

Dzanja linatuluka pang'onopang'ono, linakonza katoni kuti mphepo isalowe, mapazi n'kumapita kumapeto kwa mdadada. Dailesi anatola tizipatso tonse pachitenje, kamodzikamodzi, n'kutiponya m'kapu. Kenako anakhala mumdimamo, nazunguliza zala pamkono wake womwe, kuyeza.