Nkhope Yachiwiri Kumbuyo kwa Garikai

Choyamba kusowa m'nyumba ya Mai Anesu ku Sakubva chinali kagalasi kodziyang'anira, kaja kang'alu pakona. Sanadandaule, poti m'nyumba yokhala ndi mtsikana wa sekondale zinthu zotere zimamera miyendo. Koma m'mawa mwake mwana wakeyo, Anesu, anadandaula kuti selotepi yake ya kusukulu yatha, chonsecho inali yatsopano. Kenaka mu paudala wa mayi ake munapezeka zidindo za zala zikuluzikulu, ndipo nyale ya sola imene inkakhala padzuwa tsiku lonse inkacha ili yofooka ngati yagwira ntchito usiku wonse.

Mwamuna wa Mai Anesu, Garikai, anali dalaivala wa thiraki za ku Beira, munthu wanthabwala amene phwete lake linkamveka mpaka kumpopi. Mwezi wapitawo anadzuka mbali yakumanzere ya nkhope itagwa, diso losatsinzina bwino, mlomo utalendewera, tiyi akudontha pakona pa kamwa. Kuchipatala anati ndi mtsempha, ukhoza kubwerera kapena ayi. Kuyambira pamenepo bamboyo anasanduka mlendo m'nyumba yake yomwe. Ankadya atafulatira, ndipo mkazi wake akamuyang'ana ankaphimba tsaya ndi dzanja. Zimenezi zinkamupweteka Mai Anesu kuposa matendawo.

Thukuta lake la pamsewu Garikai sankaliika kubanki. Bambo ake anamwalira akulira ndalama zimene zinasanduka mapepala achabe chaka chimene ndalama ya dzikolo inatha mphamvu, choncho iye ankasintha malipiro ake kukhala madola a pa intaneti, aja amati kiripito, n'kumasungitsa ku kampani ina ya mufoni. Ndiwo ankayembekeza kumangira nyumba ku Dangamvura. Koma kwa anthu a mumzere wawo, ndalama yosagwirika ndi manja inali ndi dzina limodzi lokha.

"Chuma chosaoneka, nkhope yapindika, mukufunanso umboni wanji?" ankanong'onezana kumpopi. "Ali ndi chikwambo ameneyu. Kanthu kolemeretsa kaja kayamba kudya mwini wake."

Masiku amenewo magetsi ankazima kukangoda, ndipo Sakubva yense ankagona mumdima wandiweyani. Usiku wa Lachiwiri Mai Anesu anadzidzimuka, napeza mbali ya mwamuna wake pabedi ili yozizira. Anamvetsera. Kutali kunali galu, pafupi kunali dontho la mumpopi. Kenaka kuchokera pabalaza kunamveka kaphokoso kang'onong'ono, tsrrr, ngati wina akusenda khungu pang'onopang'ono. Kunakhala zii. Ndiyeno anamva mawu a mkazi, osalala, a Chingerezi cha m'mphuno, otsika kwambiri moti ankangotola apa ndi apo.

"Yandikirani... Mwetulirani..."

Mai Anesu sanadziwe chimene aope kwambiri, chikwambo kapena mkazi mnzake. Anafunda bulangete mpaka kumutu, ndipo sanadzuke.

Usiku wotsatira mtima unakana. Ananyang'ama opanda nsapato mpaka pa katani ya pakhomo la pabalaza, nasuzumira ndi diso limodzi. Mwamuna wake anali atakhala pampando atamufulatira, kuwala kwa foni kukuzungulira m'mbali mwa mutu wake. Mutuwo unatembenukira kumanzere pang'onopang'ono ngati wa birimankhwe, unaima, n'kutembenukira kumanja. Mkazi uja ankalamula, Garikai ankamvera. Kenaka mawuwo ananena china chachitali chimene Mai Anesu sanachimve, ndipo Garikai anauma gwaa. Foni inazima. Mumdimamo munangotsala mpweya wa munthu wamantha, ndi kanong'onong'o ka pemphero.

Zinapitirira choncho. Masana Mai Anesu ankagulitsa kaunjika kumsika maso ali ofiira, usiku ankaima pa katani. Garikai anayamba kuonda, ndipo akamayenda m'nyumba ankacheuka ngati wina akumulondola.

Lachisanu anafika Tete Shupikai, mchemwali wake wa Garikai, atavala zoyera za kumpingo, nkhani ya kumpopi itawafikira kale. Anakokera Mai Anesu kuseri kwa nyumba.

"Muroora, mlamu wanga, osandibisira. Mlongo wanga amalankhula ndi ndani usiku?"

"Sindikudziwa, Tete."

"Sudziwa? Umagona ngati thumba la chimanga iwe? Lamulungu ndibwera ndi mneneri. Foni imeneyo tiitentha, ndipo Garikai tipita naye kuphiri mpaka chituluke."

"Tete, munthu wodwala mukamugoneke pamiyala?"

"Bola miyala kusiyana ndi manda."

Mai Anesu anadziwa kuti mawu a tete pabanja sabwezedwa. Akamutenga Garikai, iye sadzadziwa tsiku lomuonanso. Choncho usiku wa Loweruka sanaime pa katani. Atangomva tsrrr uja anagwira mtima, anakankha katani, nalowa.

Garikai anakuwa, foni n'kugwera pamiyendo. Mai Anesu anakweza nyale ya sola imene inali yophimbidwa ndi chipewa patebulo. Tsaya lakumanzere la mwamuna wake linali litakokedwa m'mwamba ndi selotepi, kuchokera pakona pa mlomo mpaka kukhutu. Pamwamba pa selotepiyo panali paudala wopakidwa mosadziwa, mbuu. Kagalasi kang'alu kaja kanali katatsamira kapu.

"Baba Anesu," anatero monong'ona, "mukupita kuukwati wa ndani?"

"Ndiwe, Rumbi? Ndiwe ndithu?" Anamugwira dzanja, nalifinya.

"Nanga mumati ndani? Mkazi wanu wa Chingereziyo?"

Garikai anaweramitsa mutu, ndipo mawu anatuluka movutikira chifukwa cha selotepi. Kampani ija inatseka ndalama zonse, inati aliyense atsimikizenso kuti ndi mwini wake. Chiphaso anatumiza, anachilandira. Chinatsala n'kuonetsa nkhope pa kamera: kutembenuka, kuphethira, kumwetulira, kuti makina afananize ndi chithunzi chakale.

"Ndimafika pomwetulira, makinawo n'kukana. Ndinkati ndikonze ndekha iwe usanadziwe. Nyumba yako ya ku Dangamvura yatsekeredwa ndi nkhope yangayi, Rumbi. Ndikanakuuza bwanji?"

"Ndiye mpaka kuba paudala wanga?"

"Si zokhazo." Anatsitsa mawu mpaka Mai Anesu anachita kuwerama. "Usiku uliwonse mayiyu amati mu kamera muli nkhope ziwiri. Amati wina ali kumbuyo kwanga achoke. Ine ndili ndekha, mumdima. Sindinalimbe mtima kucheuka. Ndinayamba kuganiza kuti mwina a kumpopi akunena zoona."

Mai Anesu anaphulika kuseka, misozi ikutsika. "Chikwambo chanu ndi ine! Ndimaima pa katani apo kukusuzumirani, ndikumati mwatengedwa."

"Iwe? Wandiondetsa ndiwe?"

"Nanga inu mwandinenepetsa?"

Anaseka onse motsitsa kuti asadzutse Anesu, mpaka selotepi inayamba kumatuka. Koma Garikai anasiya kuseka poyamba.

"Ndiye kuyambira Lachiwiri lija unali iwe."

Mai Anesu anapukusa mutu.

"Lachiwiri sindinadzuke ine," anatero. "Ndinayamba Lachitatu."

Dontho la mumpopi linamvekanso. Nyale inali itayamba kufooka, ndipo mithunzi yawo inatalika pakhoma. Palibe amene anafuna kuyamba kucheuka. Mai Anesu anagwira mkono wa mwamuna wake ndi dzanja limodzi, nakweza nyale ndi linalo, ndipo anatembenuka limodzi pang'onopang'ono.

Pakhoma, kumbuyo kwenikweni kwa mpando, panali chithunzi chachikulu cha tsiku limene Garikai anapatsidwa thiraki yake yoyamba. Anali yekha, ataima pakhomo la galimoto, masaya onse awiri ali m'mwamba, mano onse pamtunda. Kuwala kukagunda galasi lake, nkhopeyo inkaoneka ngati ikusuzumira paphewa la munthu wokhala pampandopo.

Garikai anachiyang'ana nthawi yaitali. "Ndi ameneyo akumufuna," anatero. "Osati ine."

Mai Anesu anaimirira, anachotsa chithunzicho pamsomali, nachiika chafufumimba pansi pa tebulo. Kenaka anagwada kutsogolo kwa mwamuna wake, nayamba kumatula selotepi mosamala kuti isamuzule ndevu. Anapukuta paudala ndi ngodya ya chitenje. Tsaya linagweranso pamalo pake, ndipo dzanja la Garikai linanyamuka kuti liphimbe. Iye analigwira, nalibweza.

"Uyo apume kaye," anatero. "Ine ndili ndi uyu. Yatsani foniyo."

Anakaima kutsogolo, kuseri kwa foni kumene kamera siinkafika, atanyamula nyale. Mawu a mkazi uja anayambanso. Garikai anatembenuka kumanzere, kumanja, anaphethira mmene diso linalolera.

"Mwetulirani."

Nkhope inauma. Mai Anesu anaweramira pafupi.

"Baba Anesu, mawa Tete akabwera ndi mneneri, ndimuuze kuti atulutse ine kapena paudala?"

Phwete lakale lija linatuluka lonse, lopendekera mbali imodzi, ndipo galu wa aneba anayamba kuuwa. Kamzere kozungulira nkhope pafoni kanazungulira, kanazungulira, n'kusanduka kobiriwira: makina anavomera.

Garikai sanaone n'komwe. Maso ake anali pa mkazi wake, ndipo manja ake onse awiri anali pamiyendo.