Kachitsulo ka a Murdock Kanaima pa 412

Ine sindine munthu wa zamizimu. Ndagwira ntchito ya unamwino zaka makumi atatu, ndatseka maso a anthu ambiri, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerako kudzandifunsa kanthu. Choncho izi ndikungozinena monga zinachitikira. Wokayika apite kudoko akafunse alamu anga a Everett Swim, poti anaima pomwepo fulasiki ili m'manja. Iwo aja bodza lawo limathera pa kukula kwa nkhanu zimene amakola, pa zina sanama.

Amuna anga a Murdock ndi ine tinawerenga mbalame pa ndomo ya Corkum, phiri lolowa m'nyanja lija, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Chaka chilichonse masamba akayamba kufiira, tinkakwera m'mamawa n'kukakhala kuseri kwa nsanja yakale ya nyali younikira maboti, pamene mphepo siimenya kwambiri. Zambiri zodutsa pamenepo ndi maganeti, mbalame zoyera zikuluzikulu za mapiko akuda kunsonga, zikuthawa chisanu kulowera kummwera. Ntchito yake ndi ya anthu awiri. Wina amaika diso pa telesikopu n'kumatchula, wina amakhala kumbuyo ndi kachitsulo kowerengera. Zikadutsa khumi ndinkati "khumi", a Murdock n'kudina kamodzi. Tche. Lamulo lake ndi limodzi, ndipo aliyense wowerenga mbalame za m'nyanja amalidziwa: zikamadutsa, diso sulichotsa. Ukangotembenuka kuti uyetsemule, mazana apita, ndipo sizibwerera kuti uziwerenge bwino.

Lamulo limeneli ine ndinkanyadira nalo. A Murdock ankandiseka, kaliwo ali kukamwa.

"Mayi inu, nyumba ikadzapsa mudzamva kwa anthu."

"Dinani apo nkhalamba inu, pakamwapo papume."

Zaka zinayi zapitazo, mu Okutobala, mphepo ya kumpoto chakum'mawa inaomba masiku atatu n'kukankhira mbalame zonse kugombe. Chibadwire sindinaone zambiri chotero. Tsiku limenelo ndi limene a Murdock anamwalira, ali pampando wawo wa nsalu, kumbuyo kwanga pafupi penipeni.

Anthu ndinawauza kuti anapita mwakachetechete. Ana ndinawauza zomwezo, abusa zomwezo. Adokotala anati ndi mtima. Koma zoona zake n'zakuti anandiitana. Kamodzi kokha, osakweza mawu: "Lorna." Ine diso lili pagalasi ndinayankha kuti, "Tadikirani, zikudutsa." Kachitsulo kanasiya kulira. Ndinati akuyatsa kaliwo, ulesi wawo uja, ndipo ndinapitiriza kuwerengera mumtima kwinaku ndikuwakalipira chamumtima momwemo. Pamene ndinkatembenuka n'kuti patapita mphindi makumi anayi. Chibwano chili pachifuwa, kachitsulo kali m'dzanja, kataima pa 412. Ine ndine namwino. Ndikudziwa zimene mphindi zisanu zimachita pa mtima wa munthu, ndiye za makumi anayi musandiuze.

Sindinalire. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti Lorna ndi wolimba mtima. Sikunali kulimba. Ndinali ngati nkhama zobayidwa jakisoni kwa dokotala wa mano, ukhoza kuziluma osamva kanthu. Ndinkadya, ndinkachapa, ndinkapita kutchalitchi. Pemphero langa linali limodzi, lopusa, ndipo sindinauze munthu: andiitanenso kamodzi kokha, nditembenuke.

Chaka chitatha, masamba atafiiranso, a Everett anabwera pakhomo. Iwowa ndi ang'ono awo a a Murdock, ndipo chikwatiwire ine m'banja lawo sitinayankhulanepo zaulemu.

"Alamu, mbalame zayamba. Mukhala m'nyumba mpaka mumere ndere?"

"Nanga adine ndani?"

"Ine. Chala ndili nacho."

"Inu? Munthu wosasiyanitsa ganeti ndi nkhuku?"

"Kusiyanitsa n'kwanu. Kwanga n'kudina."

Ndinavomera chifukwa kukana kunafuna mphamvu. M'mawa mwake tinakwera pa galimoto yawo yonunkha nyambo ija. Ndinatenga telesikopu, mpando wa nsalu womwe uja, ndi kachitsulo, kamene chaka chonse kanakhala m'dirowa kali pa 412. A Everett anakapotokola ine ndikuona mpaka manambala onse anabwerera pa ziro. Ndinkayesa ndimva kanthu, koma sindinamve.

Mphepo inali yomwe ija, ya kumpoto chakum'mawa, koma mbalame kunalibe. Tinakhala theka la ola tikuyang'ana madzi otuwa. Kunkangomveka mafunde ndi belu loyandama lija la kumiyala, limene limachenjeza maboti. A Everett anayamba kutekeseka.

"Alamu, mphepoyi sindikuikhulupirira. Ndikaone zingwe za boti. Ndibwera ndi tiyi."

Anasiya kachitsulo pampando. Ndinamva chitseko cha galimoto, ndinamva injini ikutsika phiri mpaka kuzimiririka. Pa ndomo yonseyo ndinatsala ndekha. Msewu wake ndi umodzi, munthu sangafike osamumva.

Kenako zinabwera. Poyamba mzere umodzi, pafupi penipeni ndi mafunde. Kenako itatu. Kenako nyanja yonse inayera. Diso linadzipezera lokha galasi, pakamwa panadzitsegukira pokha.

"Khumi."

Tche.

"Khumi."

Tche.

Ndikanena kuti ndinaopa ndinama. Sindinaope. Sindinadabwenso. Kadinidwe kake kanali komwe kaja, kochedwa pang'ono, ngati munthu wayamba waganiza kaye ngati ndikunena zoona. Ndinakamva zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Msana wanga unangomasuka.

Belu la kumiyala linasiya kulira. Mafunde anali akulu kuposa poyamba, koma belu zii. Ndinazindikira zimenezo, n'kuzisiya.

Fungo la fodya wa kaliwo linafika. Osati la patali. La pafupi, lofunda, losakanikirana ndi la juzi yonyowa. A Everett sasuta. Ndinazindikiranso zimenezo.

"Khumi. Khumi. Makumi awiri."

Tche. Tche. Tche, tche.

Kakhosomole ka a Murdock kaja. Kamodzi, kouma.

Apa ndi pamene anthu samandimvetsa. Amati, nanga simunadziwe? Ayi. Ndinaiwala. Kwa ola lathunthu ndinaiwala kuti amuna anga anamwalira. Ndinali Lorna wakale, pamalo panga, nkhalamba yanga ili kumbuyo, mbalame zikudutsa. Chaka chonse sindinamvepo bwino ngati ola limenelo.

Zinachulukirachulukira. Zoyera, zamawangamawanga zoswedwa chaka chomwecho, mzere pamwamba pa mzere. Lilime linkalephera kutsatira. Diso linkatuluka misozi ndi mphepo koma sindinaphethire.

"Lorna."

Osakweza mawu.

"Tadikirani, zikudutsa."

Mawuwo anatuluka ndisanawamve. Ndinawamva atatuluka kale.

Zii.

Belu linayambanso kulira.

Ndinatembenuka. Mpando unali wopanda munthu. Nsalu yake inali ikubwerera m'mwamba pang'onopang'ono, monga imachitira munthu akangonyamukapo. Fungo linali litapita. Ndinatola kachitsulo. Kanali kofunda, tsiku limene zala zanga zinali zitachita dzanzi m'magolovesi. Ndinadziwa nambala ndisanayang'ane, komabe ndinayang'ana.

412.

Pakona pa nsanja panali pataima a Everett, fulasiki ili m'manja, nkhope itatuwa ngati phulusa. Galimoto yawo sindinaimve ikubwera. Iwo amati anaima pamenepo mphindi ngati khumi. Amati akutsika m'galimoto anamva kudina, nayesa kuti ndikudzidinira ndekha, koma atafika pakona anaona manja anga onse awiri ali pa telesikopu. Amati kachitsulo kanali pampando, kakudzidina kokha, nsalu italowa pansi. Amati anafuna kundiitana koma anangoima n'kumaonerera. Ndipo mawu aja anawamva. Abusa atawafunsa ngati sinali mphepo chabe, iwo anati, "Abusa, tinagona chipinda chimodzi zaka khumi ndi zisanu. Mawu a achimwene anga ndingawasowe?"

Koma kwa abusa sananene zonse. Anamvanso yankho langa.

Pansanja paja, ine ndi a Everett tinayang'anana. Kumbuyo kwanga mbalame zinali zikudutsabe.

"Alamu," anatero motsitsa, "ndi mmene zinakhalira tsiku lija?"

"Ee."

"Anakuitanani."

"Anandiitana."

Anatsegula fulasiki, nathira tiyi m'chivundikiro, n'kuiwala kundipatsa. Anangoigwira mpaka inazizira, kenako anaitaya pa udzu. Tinatsika phiri. Ana anga sanawauze, ndipo pa zimenezo ndimawathokoza. Amandibweretserabe nkhuni, amandipatsabe moni. Koma chiyambire tsiku limenelo sanandinyozeponso, ndipo amandiyankhula mwaulemu ngati mlendo.

Ndinapempha kamodzi, ndinapatsidwa kamodzi. Sindinganene kuti anandimana.

Pano ndimakwerabe chaka chilichonse, kuyambira masamba akafiira mpaka chisanu chikatseka msewu. Telesikopu ndinaipereka kwa a bungwe la mbalame, ndipo iwo anatumiza anthu ena awiri kudzawerenga. Amakhala mbali ina ya nsanja, ndimawamva akutchula. Ine ndimatenga mipando iwiri. Wa nsalu uja ndimauika pamalo pake, kachitsulo pamwamba, nditakabweza pa ziro. Winawo ndimakhalira ine, nyanja ili kumsana.

Alendo a m'tauni akabwera ndi makamera awo amandiyang'ana mwachisoni. Pamapezeka wina wokoma mtima wondigwira paphewa.

"Mayi, mbalame zili uku."

"Ndikudziwa," ndimatero.

Mphepo ikakhala ya kumpoto chakum'mawa ndimazimva zikudutsa kumbuyo kwanga, mazanamazana, ndipo khosi limafuna kutembenuka lokha. Ndimaligwira ndi dzanja. Ino ndi nyengo yachitatu ndikuyang'ana mpando umenewu. Kachitsulo sikanalirenso, ndipo dzina langa sanalitchulenso.