Chimanga Chimodzi cha Kumalire

Tamverani ichi, inu: chimakolola pomwe sichinalime, kenako n'kukalira kwambiri pamaliro. N'chiyani? Dekhani kaye, musathamangire kuyankha.

Kwa Kawinga, mwezi wa Meyi, Habiba ankatong'ola chimanga pakhonde dzuwa likupendeka. Nkhokwe yake inali itadzaza mpaka kudenga, koma mikukwe kumunda inali isanathe. Kamunda komweko ka mchenga, kamene chaka chatha kanatulutsa madengu asanu okha.

Chifukwa chake ankachidziwa yekha. Nthawi ya dzinja, akudwazika matenda kwa Nsamala, sing'anga wina anamuuza kuti, "Chimanga chikamakhwima, mukathyole chimodzi m'munda mwa munthu, mukachikwirire pansi pa nkhokwe. Zake zidzabwera kwa inu. Koma asakhale wamagazi anu." Atabwerako anathyoladi kumalire a munda wa a Lucius, oyandikana nawo. Habiba sankadziwa kuti nthawi imene iye anali kwa Nsamala, mizere imeneyo a Lucius anagawira Maryam, mng'ono wake wa bere limodzi.

Maryam pokolola, makoko onenepa bwino, koma kusenda, chitsononkho chokhachokha, chonunkha ngati dothi lofukulidwa kumene. Kenako mwana wake Ramla anayamba kuwonda. Habiba ankatumiza ufa tsiku ndi tsiku, koma phala lake silinkakhala m'mimba mwa mwanayo. Anamuika m'manda Lachisanu.

Kuyambira pamenepo, dzuwa likangofiira, m'nkhokwe mwa Habiba munkamveka wina akutong'ola, maso a chimanga akugwera m'lichero, *pho, pho, pho*. Kumjigo amayi ankanong'ona, n'kusiya munthu akafika.

Tsiku limeneli, Habiba akutong'ola pakhonde paja, Maryam anabwera, nakhala pamphasa, nayamba kumuthandiza. Phokoso lija linayamba.

"Achemwali, mwamva?"

"Ndi makoswe."

"Iyayi. Khoswe satsokomola ngati Ramla."

Habiba anasiya kutong'ola. Kukhosi kunali mawu, okonzeka kale, ongofuna atsegule pakamwa.

"Wandidyera mwana ndamudziwa," anatero Maryam, maso ali pa lichero.

"Maryam, mng'ono wanga, ine..."

"Ndi a Lucius. Mizere ija anandipatsira dala. Mawa tikaweruka kumunda, bambo a Ramla ndi abale awo akawatulutsa m'mudzi muno, nyumba n'kuyatsa." Maryam anapukuta misozi ndi chitenje. "Mumati chiyani, achemwali?"

Habiba anayang'ana nkhokwe. Anayang'ananso kadenga ka udzu ka a Lucius, komwe nkhalambayo inkalowetsa mbuzi zake ziwiri m'khola.

"Palibe," anatero. "Ndimati utapeko ufa popita."