Mzati Umene Unaoneka Timu Itagonja

Nkhani iyi ndi yoona. Eliseo Tafoya, amene zinamuchitikira, akadali moyo, ndipo mkazi wake Maribel anaona mapeto ake ataima pakhomo.

Timu ya basiketibolo ya mu mzinda wa Sacramento ikapambana, pabwalo lake amayatsa nyali yamphamvu yoloza kumwamba. Kuwala kwake n'kofiirira ngati biringanya ndipo kumaima chilili ngati mzati. Anthu a m'minda ya mpunga kumpoto kwa mzindawo amakangana chaka ndi chaka za pamene mzatiwo umalekezera kuoneka. Kunyumba kwa Eliseo sunaonekepo chifukwa n'kutali. Koma oyendetsa galimoto a m'mindamo amaugwiritsa ntchito panjira: ukauona wadziwa kumene kuli mzinda, ndipo popita kwanu umausiya kumbuyo.

Madzulo ena m'nyengo yozizira, Eliseo anakatenga apongozi ake, mayi Herminia, kuti adzathandize Maribel kulera khanda. Mayiwo anakhala kutsogolo atafumbata mphika wa matamale, chakudya cha ufa wa chimanga chokulunga m'makoko. Pawailesi mpira wa timu ija unali mkati.

"Zimitsani zimenezo, bambo a mwana. Anthu anuwa akukwapulidwa ngati masiku onse."

"Nthawi ikadalipo, amayi."

"Nthawi ali nayo. Manja ndiye alibe."

Eliseo anazimitsa wailesi akuseka. Atakwera msewu wopapatiza wa pamtumbira wotchinga mtsinje, chifunga chinatsika. Nyali za galimoto zinkangothera pamphuno. Uku ndi uku kunali minda yodzaza madzi, atsekwe akulira mmenemo. Anaphonya pokhotera, nabwerera, kenaka sanadziwenso kumene akuloza.

Ndiye anauona pagalasi loonera kumbuyo. Unali mzati uja, wowongoka, wofiirira.

"Mwaona, amayi? Abweza. Apambana."

"M'chifunga chotere ungaoneke?" anafunsa mayi Herminia chapansipansi.

Eliseo anabwezera maso kumsewu. Mzinda unali kumbuyo, choncho kwawo kunali kutsogolo. Anapitirira.

Mzati umachepa ukamautalikira, mpaka umasanduka kaulusi. Uwu sunachepe. Anawonjezera liwiro. Sunachepe. Atsekwe anali atasiya kulira. M'galimoto munalowa fungo la matope a pansi pa madzi, ngakhale mawindo anali otseka.

Foni inalira. Anali Maribel.

"Muli pati? Pepatu, anthu ako agonjanso."

"Agonja?"

"Moipa. Bwanji?"

"Palibe. Tikufika."

Mayi Herminia anali atatseka maso, milomo ikuyenda.

Mmene anapezera njira, Eliseo sadziwa. Anangoona mpanda wa nyumba yake. Maribel anatuluka atanyamula khanda likulira, koma sanayang'ane mwamuna wake. Ankayang'ana pamwamba pa galimoto.

Mzatiwo unaima pomwepo. Unalibe phokoso. Unalibe kutentha.

Eliseo anatuluka, napatuka pang'ono. Mzati sunasunthe. Mayi Herminia anatsegula chitseko n'kuponda pansi. Mzati unasuntha nawo.

Anayenda kuloza kukhomo. Kuwalako kunakwawa patsogolo pawo, kunakwera khonde, kunakhudza nsonga ya kansalu kofunditsa mwana. Khanda linasiya kulira, kukamwa kuli yasa.

Mayiwo anabwerera m'mbuyo msanga. Khanda linakoka mpweya n'kuyambanso kulira.

Mayi Herminia anaika mphika pansi.

"Lowetsa mwanayo. Utseke."

"Amayi, lowani kaye, tione kuti..."

"Maribel. Ndati utseke."

Anatembenuka n'kulowa m'chifunga, kuloza kuminda. Eliseo anawathamangira akuitana. Thupi lawo sankaliona, ankangoona mzati ukuyenda patsogolo. Akathamanga, mpata sunkachepa. Madzi anamufika m'mawondo, kenaka m'chiuno, ozizira ngati mpeni. Kutsogolo sikunamveke phazi lililonse likuvundula madzi.

Anaima.

Apolisi anafufuza ndi agalu ndi mabwato mpaka madzi a m'minda ataphwa. Mayi Herminia sanapezeke. A kubwalo la masewero anati usiku umenewo nyali yawo sanaiyatse. Komabe mlonda wina wa kutauni ya Woodland anauona mzatiwo. Mayi wogulitsa mafuta a galimoto kutauni ya Davis anauona. Woweta ng'ombe wa kumapiri a kum'mawa, kumene mzati weniweni sunaonekepo, anauonanso. Onse atatu anati unali kumpoto, kumene kulibe bwalo lililonse, ndipo unkayenda pang'onopang'ono, ngati munthu wokalamba.