Kagetsi Kofiira ka pa Lalapanzi

Kagetsi kochenjeza kuti injini yatentha kanayamba kuyaka m'nyengo yozizira, pamene ngakhale galu wa ku Mvuma safuna kutuluka panja. Galimotoyo inali yadizilo, yaitali msana, ndipo Gedion ankaisamala kuposa thupi lake lomwe. Ntchito yake yaikulu inali kutenga mayi ake, a Rosina, kupita nawo kuchipatala ku Gweru kukatsukidwa magazi, poti impso zawo zinali zitatopa. Ankanyamuka kwawo ku Mvuma kusanache kuti akafike mzere usanatalike. Akaphonya tsiku, mayiwo ankatupa mpaka nsapato kukana kulowa.

Chodabwitsa n'chakuti kagetsiko kankasankha malo. Pachitunda sikankayaka, pobwerera masana dzuwa likuswa mtengo sikankayakanso. Kankayaka akangodutsa Lalapanzi, pamene kamsewu kafumbi kamapatukira ku komboni yakale ya mgodi, komwe kunangotsala mabulugamu ndi manda. Muvi wa kutentha unkalumphira kofiira, kabelu n'kuyamba kulira. Gedion ankaima pambali n'kuzimitsa injini, ndipo mdima unkawakuta, osamva kalikonse koma chitsulo chikuthetheka pozizira ndi masamba akukhulana kumandako. Mayi ake ankatsitsa galasi pang'ono, milomo ikugwedera. Patapita kanthawi akaliza injini, zonse zinkakhala bwinobwino.

Gedion anapita nayo galimotoyo kwa Matiyasi, makaniko wa ku Gweru, mwana wa m'komboni ngati iye. Matiyasi anasintha chotsekera cha rediyeta, anasintha themositati, anatulutsa mpweya m'mapaipi, anayesa fani, ananunkhiza ngakhale madzi kuti amve ngati gasiketi yapsa.

"Achimwene, mota iyi ilibe mlandu," anatero akupukuta manja. "Kapena nayonso ikufuna kugona. Paja dzina la malowo ndi lomwelo, lala panzi, gona pansi."

Gedion sanaseke. Ulendo wotsatira kagetsi kanayakanso pamalo omwewo, wotsatirawo chimodzimodzi. Kumjigo anthu anayamba kunong'ona. Ena ankati mwini wake woyamba wa galimotoyo anagunda munthu pamenepo n'kuthawa. Ena ankati ayi, ndi a Bernardo, bambo ake a Gedion, amene anagona pansi pa mabulugamuwo. Zinali zoona kuti Gedion sanapondeko kumandako chilowereni mpingo wake watsopano, umene umati kulankhula ndi akufa n'kuitana ziwanda. Mawu amenewa anamupweteka, ndipo mantha anayamba kumugwira.

Mapeto ake Matiyasi anagona ku Mvuma kuti adzionere yekha. Anakhala kumbuyo, tochi ili m'manja, yozimitsa. Atadutsa Lalapanzi kabelu kanalira, ndipo iye anayatsa tochi mwadzidzidzi n'kuunika kumapazi kwa a Rosina. Nsonga ya ndodo yawo inali italowa pansi pa dashibodi, ikukanikiza waya wina wosupuka ku chitsulo. Unali waya wochokera ku kachipangizo koyeza kutentha, umene wina anaudutsitsa molakwika kalekale.

Matiyasi anazimitsa tochi ngati waona munthu akusamba.

"Amayi," anatero Gedion motsitsa mawu, "mukudziwa kuti tikachedwa mzere umatitaya? Moyo wanu uli m'galimoto muno."

"Ndinangoukhudza mwangozi tsiku loyamba, iwe n'kuima," anayankha a Rosina. "Ndinakupempha kangati kuti uziima? Ine sindinaleredwe kudutsa pakhomo pa mwamuna wanga osapereka moni. Ndimangowauza kuti ndadutsa, ndikupita kuchipatala, ndibweranso. Basi."

Gedion anakwiya, komanso anachita manyazi pamaso pa mnzake. Tsiku lomwelo Matiyasi anakulunga waya uja ndi tepi, n'kuudutsitsa kutali komwe ndodo singafike. Kagetsi kanaleka. Galimoto inkadutsa pamphambano ija ili paliwiro, ndipo a Rosina ankangotembenuza mutu mpaka mabulugamu atatsala kumbuyo. Sanadandaulenso, ndipo Gedion ankati nkhaniyo yatha.

Mvula itayandikira, mayiwo anadzuka tsiku lina kusanache akupuma movutikira. Silinali tsiku lawo lachipatala, koma Gedion anawanyamula m'manja n'kuwakhazika pampando wakutsogolo, atawafunditsa bulangete. Ndodo inatsala kuseri kwa chitseko. Anayendetsa mmene sanayendetsepo, akumvetsera kupuma kwawo kukukoka ngati sowo m'thabwa lonyowa.

Atangodutsa Lalapanzi, muvi unalumphira kofiira, kabelu n'kulira.

"Amayi, lero lokha ayi, chonde," anatero osawayang'ana.

Iye anaponda mafuta, koma kabelu kanalirabe, ndipo anaopa kuti injini ikafera m'tchire muno ndiye kuti safika n'komwe. Anaima pamphambano pomwe paja, nathamanga kukatsegula boneti. Panalibe nthunzi, panalibe fungo. Anagwira paipi ya rediyeta ndi dzanja, napeza ili yofunda chabe, monga imakhalira masiku onse. Kumandako masamba anali atasiya kukhulana.

Atabwerera m'galimoto anapeza kagetsi katazima. Manja a mayi ake anali m'kati mwa bulangete mmene anawaikira kunyumba, galasi lili lotsika pang'ono, nkhope itayang'ana ku mabulugamu. Kupuma kuja kunali kutasiya.

Gedion anakhala nthawi yaitali atagwira chiwongolero. Kenaka anatsitsa galasi lake, nalankhula mumdimamo.

"Ababa, ndine Gedion. Ndabwera nawo."